Tram ya ku Manchester: ndipeze nyumba pafupi ndi siteji iti?

Nachisale: Moni nonse pagulu pano. Ndine mlendo, ndangofika kumene ku Manchester ndipo pakadali pano ndikugona kwa msuweni wanga. Ntchito ndapeza kunyumba ina yosamalira okalamba chakufupi ndi Roundthorn ku Wythenshawe. Shifiti imayamba 7 koloko m'mawa, Lamlungu lomwe. Tsopano mutu waima ndi nkhani ya nyumba. Ndaona ina ku Oldham, lendi yake ndingaikwanitse ndipo mwini wake akuti ili pafupi ndi tram, sitima yamagetsi yonyamula anthu mumzinda muno. Ina ili ku Benchill, ndi yaing'ono komanso yokwererapo mtengo. Kumudzi akundiyang'anira, ndiye paundi iliyonse ndiyenera kuiwerengera. Inu amene mwakhalitsa kuno, kodi tram imeneyi ndingaidalire tsiku ndi tsiku kuchokera ku Oldham? Pamapu zikuoneka zolumikizana bwinobwino.

Mayi a Tadala: Takulandirani achemwali. Musasaine kanthu kaye ku Oldham musanayese ulendowo ndi miyendo yanu. Oldham ili kumpoto chakum'mawa kwa mzinda, Roundthorn ili kum'mwera kwenikweni, panjira ya ku bwalo la ndege. Mukwera tram yochokera ku Rochdale yopita ku East Didsbury, idutsa m'tauni monse, mutsike pa St Werburgh's Road ku Chorlton, mudikire ina ya ku Manchester Airport. Kuphatikiza kuyenda pansi ndi kudikira, ola limodzi silikwana. Madzulo mutaimirira maola 12 mubwerere momwemo. Koma chachikulu ndi Lamlungu. Masiku ena ma tram amayamba cha m'ma 6 koloko, Lamlungu amayamba cha m'ma 7. Nthawi imene inuyo mukuyenera kukhala mutavala kale yunifomu, ndiyo nthawi imene tram yoyamba ikungonyamuka. Ndalama imene mwapulumutsa pa lendi ikathera kwa a takisi.

Chimwemwe wa ku Oldham: Mayi a Tadala, musatiipitsire Oldham chonde. Ife tikukhala konkuno ndipo tram ndiye miyendo yathu. M'tauni mwenimweni muli masiteji atatu, Oldham King Street, Oldham Central ndi Oldham Mumps, ndipo amene amagwira ntchito kuchipatala chachikulu cha kuno ambiri amatsikira pa Westwood n'kuyenda pansi. Zakudya zathu, ufa, nsomba zouma, therere, m'mashopu a kuno zimapezeka motchipa.

Mayi a Tadala: Sindikunyoza Oldham achimwene, ndimabwerako kudzagula zinthu. Ndikunena za munthu amene ntchito yake ili mbali ina ya mzinda. Akanakhala kuti apeza ntchito ku Oldham kapena ku Failsworth ndikanawauza kuti atenge makiyi lero lomwe.

Chimwemwe wa ku Oldham: Apo ndiye tagwirizana. Ku Roundthorn n'kutali ndithu.

Bambo a Yamikani: Mwana wanga Nachisale, takulandira. Ine ndili ku Bury kuyambira kale, ndipo ndikufuna ndikuthandize kuwerenga mapu amene ukuwaonawo, chifukwa ambiri amawapusitsa. Mapu a Metrolink, lomwe ndi dzina la tram ya kunoyi, amajambula mizere yowongoka, masiteji otalikirana mofanana, ngati kuti mzinda wonse anaukonza pa tebulo limodzi. Zoona zake n'zakuti mbali yaikulu ya tram imeneyi inangolowa m'malo mwa njanji zakale za sitima. Pa 6 April 1992 anatsegula chigawo choyamba, kuchokera kuno ku Bury kukafika ku siteshoni ya sitima ya Victoria m'tauni, ndipo mu June chaka chomwecho anafika ku Altrincham. Njira ziwirizi zinali za sitima zapamtunda kuyambira kalekale. Chatsopano chimene anamanga chinali kachigawo ka m'misewu ya m'tauni kolumikiza ziwirizo, pamodzi ndi kanthambi kopita ku Piccadilly, siteshoni yaikulu ya sitima. Poyamba akuluakulu a mzinda ankafuna kukumba njira yapansi pa nthaka yolumikiza Piccadilly ndi Victoria, ankaitcha Picc-Vic, koma ndalama zinavuta ndipo anaisiya mu 1977. Tram inabwera ngati njira yotchipa yokwaniritsira cholinga chomwecho.

N'chifukwa chake ukaima pa siteji uona kuti pulatifomu ndi yaitali kuchoka pansi, pafupifupi mita imodzi, ngakhale pakati pa tauni ngati pa St Peter's Square. M'mizinda ina monga Sheffield ndi Nottingham ma tram ndi otsika, umakwera ngati ukuchoka m'mbali mwa msewu. Kuno anasunga msinkhu wa mapulatifomu a sitima, ndiye paliponse pamene anamanga siteji yatsopano anayenera kuikweza kuti ifanane.

Tsono chimene chikukukhudza iweyo ndi ichi. Njanji zakalezo anazimanga kuti zizitenga anthu kuchokera m'matauni ozungulira kupita pakati pa Manchester. Mizere yonse imathamangira pakati. Amene akupita m'tauni amasangalala. Amene akuchoka mbali ina kupita mbali ina ayenera kulowa kaye m'tauni ndi kutulukanso. Ya ku Oldham ndi Rochdale nayonso inali njanji ya sitima, anaitseka mu 2009, tram inafika ku Oldham mu 2012, ndipo pakati pa tauni ya Rochdale mu 2014.

Nachisale: Zikomo kwambiri bambo. Ndiye ya ku Wythenshawe nayonso inali ya sitima?

Bambo a Yamikani: Ayi, imeneyo ndi yosiyana. Anaitsegula mu November 2014, ndipo kuchoka pa St Werburgh's Road mbali yaikulu anaimanga yatsopano, kudutsa m'misewu ndi m'mbali mwa misewu ya m'makomboni. Ubwino wake imafika pakhomo pa anthu. Kuipa kwake imakhotakhota ndiponso imaima pafupipafupi, choncho siithamanga ngati ya ku Bury kapena ya ku Altrincham.

Mayi a Tadala: Koma kwa inu achemwali imeneyo ndi mphatso. Kuchoka m'tauni masiteji amatsatana chonchi mukadutsa Sale Water Park: Northern Moor, Wythenshawe Park, Moor Road, Baguley, Roundthorn, Martinscroft, Benchill, Crossacres, Wythenshawe Town Centre, kenako Robinswood Road, Peel Hall, Shadowmoss mpaka ku bwalo la ndege. Mwaona? Kuchoka pa Benchill mukwera yolowera m'tauni, Martinscroft, kenako mwafika pa Roundthorn. Lamlungu m'mawa kopanda tram mungathe kuyenda pansi kapena kupeza kanjinga. Nyumba yaing'onoyo ikupatsani maola awiri kapena atatu a tulo tsiku lililonse, ndipo pantchito yathuyi tulo ndi mankhwala.

Che Jafali: Ndiwonjezepo pa nkhani ya bwalo la ndege, chifukwa alendo ambiri amagwa nayo. Ngati muli m'tauni ndipo mukuthamangira ndege, musakwere tram chifukwa choti yalembedwa Manchester Airport. Pitani ku Piccadilly mukakwere sitima, imatenga mphindi zosapitirira 20 nthawi zambiri. Tram kuchoka ku Victoria imadya pafupifupi ola. Imeneyo anapangira anthu a ku Wythenshawe ogwira ntchito ku bwaloko, osati munthu wa masutikesi atatu wopita ku Lilongwe.

Nabanda: Inu mukukambirana za siteji iti ili pafupi, ife a ku Stockport tilibe ngakhale imodzi. Greater Manchester ili ndi maboma aang'ono 10, tram imafika mu 7: Manchester, Salford, Trafford, Bury, Oldham, Rochdale ndi Tameside. Stockport, Bolton ndi Wigan palibe. Mzere wa ku East Didsbury unafika mu 2013 n'kuima pamalire penipeni, ukangodutsa pang'ono uli mu Stockport. Malonjezo oti aupitiriza tawamva kwa zaka zambiri. Tsiku limene ndidzaone akuyala njanji ndi limene ndidzakhulupirire. Zimandipweteka chifukwa msonkho tonse timapereka.

Mphatso: Anti, ngakhale mkati mwa Manchester momwemo muli mabowo akuluakulu. Oxford Road, kumene kuli mayunivesite awiri ndi chipatala cha Manchester Royal Infirmary, kulibe tram. Umatsika pa St Peter's Square n'kukwera basi kapena kuyenda. Rusholme, Fallowfield, Longsight, Levenshulme, Moss Side, konsekonso kulibe tram. Ndipo kumeneko ndi kumene kumakhala anthu ambiri opanda magalimoto.

Bambo a Yamikani: Mphatso wanena zoona, ndipo chifukwa chake ndi chomwe chija: kumene kunalibe njanji yakale yoti aitenge, mtengo womanga unali waukulu ndipo boma la ku London silinkatulutsa ndalama msanga. Enanu simukudziwa kuti mizere imene mukuidalira leroyi inatsala pang'ono kulephereka. Mu 2004 nduna ya zamtengatenga, a Alistair Darling, anaimitsa ndalama zokulitsira Metrolink ponena kuti mtengo wakwera kwambiri. Anthu a kuno anakwiya, makhonsolo ndi manyuzipepala anachita kampeni yaikulu mpaka boma linabwerera m'mbuyo. Kenako mu December 2008 kunali voti yofunsa anthu ngati angalole kuti magalimoto olowa m'tauni nthawi ya piringupiringu azilipira, kuti ndalamazo zithandize kukulitsa mayendedwe. Maboma onse 10 anakana. Makhonsolo anachita kusonkha ndi kubwereka mwa njira zina kuti Ashton, East Didsbury ndi bwalo la ndege zifikiridwe. Lero pali masiteji 99 pa mtunda wa makilomita 103, ndipo mu Britain monse mulibe tram ina yaikulu kuposa imeneyi. Koma siteji iliyonse inachita kulimbiranidwa, ndipo amene sanapeze owalankhulira mwamphamvu anatsala.

Nabanda: Ndiye tiziti bwanji bambo, tikhale chete?

Bambo a Yamikani: Ayi mayi. A Transport for Greater Manchester, eni ake a tram, amafunsa maganizo a anthu akafuna kusintha zinthu, ndipo makhansala ali ndi masiku okumana ndi anthu a m'dera lawo. Ife timapezeka ochepa kumeneko, chonsecho ndife amene timadzuka usiku kukasamalira makolo awo. Nkhani ya Lamlungu m'mawa imene Mayi a Tadala anena ija ndi yoyenera kukaitula kumeneko. Ndondomeko ya nthawi anaikonza poganizira munthu wa muofesi ndi wopita kokagula zinthu. Wa shifiti anamuiwala.

Che Jafali: Mawu amenewo ndi anga ndithu. Ine ndimagwira ntchito m'nyumba zosungira katundu ku Trafford Park. Mzere wathu ndi umene unatsegulidwa komaliza, pa 22 March 2020, dziko likungolowa m'nyumba chifukwa cha Covid, moti unayamba ndi ma tram opanda anthu. Uli ndi masiteji 6: Wharfside, Imperial War Museum, Village, Parkway, Trafford Palazzo (kale inkatchedwa Barton Dock Road) ndi The Trafford Centre. Masana ndi wabwino kwambiri. Koma shifiti ya 6 koloko m'mawa sungaipeze pa tram, ndipo yotuluka 2 koloko usiku ndiye osanena. Timachita kusonkherana mafuta ndi amene ali ndi galimoto. Komanso Trafford Park ndi dera lalikulu zedi, ukhoza kutsika pa Village n'kuyendabe mtunda mumvula usanafike pageti.

Mphatso: Mabasi ena ayamba kuyenda usiku wonse, monga V1 yopita ku Leigh ndi 36 yopita ku Bolton. Mwina pang'ono ndi pang'ono zifika kwina.

Che Jafali: Zifike ndithu. Mabasi tsopano ali m'manja mwa boma la mzinda pansi pa Bee Network, onse achikasu ngati tram, ndiye palibenso chonamizira kuti kampani iyi sigwirizana ndi iyo.

Nachisale: Ndikuphunzira zambiri. Nanga kalipiridwe kake? Dzulo ndinakwera ndi msuweni wanga, iye ndiye anandigulira tikiti pa makina, sindinaone bwino. M'katimo sindinaone kondakitala.

Mayi a Tadala: Mulibe kondakitala, ndipo mulibe pogulira tikiti. Apa mvetsetsani bwino achemwali chifukwa ndi pamene anthu athu amaluzira ndalama. Kwathu tinazolowera kukwera minibasi kaye, ndalama n'kupereka galimoto ili paulendo. Kuno zonse zimathera pa pulatifomu musanakwere. Mwina mugule tikiti pa makina, mwina mugunditse khadi lanu la kubanki kapena foni pa kamtengo kachikasu kali pa siteji. Mukatsika kumene mukupita mugunditsenso, ndi khadi lomwelo kapena foni yomweyo. Mukayamba ndi foni n'kumaliza ndi khadi, makina amaona ngati ndi anthu awiri ngakhale akaunti ili imodzi. Mukaiwala kugunditsa potsika amakudulani ndalama yambiri kuposa ulendo wanu. Posintha tram, ngati pa Cornbrook kapena pa St Werburgh's Road, musagunditse, ulendo sunathe. Ndipo khadi limodzi ndi la munthu mmodzi, simungalipirire mnzanu.

Masiteji alibe zipata, ndiye munthu amatha kuganiza kuti palibe akuona. Oyendera matikiti amakwera mwadzidzidzi, gulu, n'kutseka zitseko zonse. Chindapusa chake ndi £120, chimatsika kufika pa £60 ukalipira msanga. Kunena kuti ndine mlendo sikuthandiza. Ndipo kwa ife amene mapepala athu amadalira mbiri yoyera, nkhani yofika kukhoti chifukwa cha tikiti ndi yosafunika n'komwe.

Chimwemwe wa ku Oldham: Onjezaniponso za mazoni. Kuyambira mu 2019 mtengo umatengera mazoni 4, ozungulira ngati mphete. Zoni 1 ndi pakati pa tauni, zoni 4 ndi kumapeto monga Bury, Rochdale, Altrincham ndi bwalo la ndege. Umalipira malinga ndi mazoni amene wadutsamo. Ndiye mlongo wathuyu akanakhala ku Oldham bwenzi akulipira kulowa mpaka zoni 1 ndi kutulukanso tsiku lililonse. Apa ndikudziwombera ndekha mfuti koma chilungamo n'chofunika: Benchill yawina.

Mphatso: Ukamagunditsa khadi pali malire a ndalama imene angakudule pa tsiku ndi pa sabata, ndiye sufunika kuwerengera wekha tikiti yotchipa. Kungoti uzigwiritsa ntchito khadi limodzi nthawi zonse.

Che Jafali: Nkhani ina ya mayina a masiteji, poti tayamba kale. Abale akabwera kudzacheza amafuna kukaona bwalo la Manchester United, ndiye amatsika pa Old Trafford. Siteji imeneyo ili pakhomo pa bwalo la kiriketi. La mpira ukafikako poyenda pansi ndithu, koma Wharfside ndiye ili pafupi. A City alibe vuto, Etihad Campus ili pomwepo panjira ya ku Ashton. Tsiku la mpira kapena la zoimbaimba ku Co-op Live, ngati ukuchokera kuntchito pa mzere umenewo konzekera kuima ndi kupanikizana.

Mphatso: Chimodzimodzinso Piccadilly ndi Piccadilly Gardens, ndi masiteji awiri osiyana. Piccadilly ili pansi pa siteshoni ya sitima, Piccadilly Gardens ili pa mabasi. Ndipo si tram iliyonse imene imafika ku Piccadilly. Ya ku Rochdale ndi East Didsbury imadutsa pa Exchange Square, njira yachiwiri ya m'tauni imene anamaliza mu 2017. Werengani dzina lili kutsogolo kwa tram ndi pa bolodi, chifukwa mtundu ndi umodzi, onse achikasu, onse ofanana.

Nabanda: Bambo a Yamikani, mwanena za njanji zakale zija mwandiganizitsa kwathu. Njanji imadutsa mu Limbe ndi mu Blantyre mpaka cha ku Chirimba ndi Lunzu, pamene anthu akuvutika m'maminibasi pa Chipembere Highway. Sizingatheke kuchita ngati za kunoko?

Bambo a Yamikani: Maganizowo ndi abwino, ndipo mu Africa zilipo, Addis Ababa anatsegula yawo mu 2015. Koma kusiyana kulipo. Njanji za ku Bury ndi Altrincham zinali kale za mizere iwiri, zamagetsi, zonyamula anthu opita kuntchito tsiku ndi tsiku, ndipo anazipereka kwa tram kotheratu. Ya kwathu ndi ya mzere umodzi ndipo ntchito yake yaikulu ndi katundu. Tram imafunanso magetsi osazimazima, chifukwa akangothima mzere wonse waima. Ndikanafunsidwa ine, ndikanati tiyambe ndi sitima wamba yonyamula anthu m'mawa ndi madzulo pa njanji ilipoyo, tione ngati tingaisunge pa nthawi yake. Koma imeneyo tiitsegulire nkhani yakeyake, mlendo wathu asasokonezeke.

Nachisale: Sindikusokonezeka bambo, ndikumva kukoma. Funso lomaliza: usiku ndi motetezeka? Masabata ena ndizituluka 10 koloko.

Mayi a Tadala: Nthawi imeneyo ma tram amakhala akuyendabe, amasiya cha pakati pa usiku. Masiteji ali ndi magetsi, makamera ndi batani loitanira thandizo, koma alibe wantchito wokhalapo. Achinyamata aphokoso amapezeka, makamaka madzulo a Lachisanu ndi Loweruka. Ine ndimakhala kutsogolo pafupi ndi dalaivala, foni m'thumba. Chimene muyang'ane kwambiri ndi njira yochoka pa siteji kukafika pakhomo panu. Eni nyumba amakonda kunena kuti "pafupi ndi tram" ngakhale pali mphindi 20 zodutsa m'paki yamdima. Pitani ku Benchill kuja madzulo dzuwa litalowa, muyende njirayo nokha muione. M'nyengo yozizira kuno kumada 4 koloko.

Che Jafali: Muikenso app ya Bee Network pafoni. Nthawi zina amatseka chigawo cha njanji kuti akonze, makamaka m'chilimwe, n'kuika mabasi m'malo mwake. Galimoto imodzi ikaima pa njanji m'tauni mizere ingapo imachedwa. Dziwani nambala ya basi ya m'dera lanu ngakhale mukhale pakhomo pa siteji.

Nachisale: Ndathokoza nonse, Mulungu akudalitseni. Ndawaimbira a ku Benchill aja, akuti ndikaone nyumbayo Lachinayi 6 koloko madzulo. Ndikwera pa St Peter's Square. Mayi a Tadala, ngati mungakhale ndi mpata ndingakonde mutandiperekeza, pali zina za mgwirizano wa lendi zimene sindikuzimvetsa.

Mayi a Tadala: Lachinayi ndili pa ofu. Mukwere yolembedwa Manchester Airport, musatsike pa Benchill, mupitirire mpaka pa Wythenshawe Town Centre cha m'ma 5 koloko, ndikakudikirani pa pulatifomu. Tikamwe kaye tiyi kunyumba tikuwerenga mapepalawo, kenako tibwerere limodzi. Mubwere ndi kalata ya kuntchito ndi chiphaso chanu, eni nyumba amafunsa zimenezo.